Nkhata ya ku Jeremani

Nkhani iyi ndi yamanyazi, ndipo ndasankha kuinena ndekha chifukwa ena akamainena amathira mchere wambiri. Ine ndili moyo, ndimadya bwino, BP yanga ilibe vuto, koma manda ndili nawo kale. Ali kumudzi kwa apongozi anga, mkati mwenimweni ukachoka pa Jenda, ndipo chaka chilichonse amalambulidwa pamodzi ndi manda a anthu enieni.

Ndine Mbewe, kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza kudzaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Champhira, ndipo kumeneko ndi kumene ndinapeza mkazi wanga Tiwonge, mwana wa a Shaba. A Shaba ndi Mngoni wa ng'ombe zake, wosachulutsa mawu. Sanandinyozepo, koma sanandiwerengereponso. Tikapita kumudzi, amuna onse ankadyera pamodzi pakhomo la khola, malo amene iwo amati sangweni. Ine chakudya changa chinkabwera m'nyumba, patebulo, ndi supuni, ngati ndine mlangizi wa zaulimi. Tabereka ana atatu ndi mwana wawo, koma ndinali mlendobe.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Ku Mzimba mwamuna ndi amene anapondako ku Joni. Mlamu wanga Vitumbiko, mchimwene wake wa Tiwonge, ankagwira ntchito kumeneko, ndipo malata a nyumba ya apongozi, sola, ngolo, zonse anatumiza ndi iyeyo. Ine ndinkafika ndi paketi ya shuga ndi nkhani za silabasi. Zinkandipweteka, sindibisa. Ndinkangofuna tsiku limodzi lokha a Shaba andiyang'ane n'kunena kuti uyu ndi wathu.

Ndiye mwayi unandigwera. Sukulu yathu inali paubale ndi mpingo wina wa ku Jeremani, ndipo anaitanitsa mphunzitsi mmodzi kuti akacheze. Woyenera kupita anali ahedi, koma adokotala anawaletsa kukwera ndege chifukwa cha mtima. Ndinawapepesa ndi nkhope yakugwa, kenako ndinakalowa m'kalasi, n'kutseka chitseko, n'kuvina.

Amene anandilandira kumeneko anali nkhalamba ziwiri, a Dieter ndi akazi awo a Helga. Anali ndi galimoto imene ilinso nyumba: yoyera, yaitali, makatani m'mawindo, mkati muli bedi, mbaula, firiji, mpaka chimbudzi. Amaitcha kampa. Anandikweza m'menemo n'kuyamba kutsata mtsinje wa Mosel mpaka kukagwera mu Rhine, tauni ndi tauni.

Abale anga, Mjeremani akati tiyeni tikasangalale, konzekani kukaona zinthu zakufa! Ku Cochem anandikweza phiri kukaona linga la mafumu amene anatha kalekale. Ku Bernkastel anandionetsa nyumba zopendama, zoti kwathu tikanazigwetsa mvula isanayambe, iwo ali kalikiliki kujambula. Pakhoma lina m'mbali mwa mtsinje panali mizere yosonyeza pamene madzi osefukira anafika zaka zosiyanasiyana, ndipo a Dieter ankawerenga mokondwa ngati ndi zotsatira za mayeso. M'matchalitchi tinkayenda pamwamba pa manda, chifukwa akuluakulu awo anawaika pansi pa miyala yomwe timapondayo. Ku Oppenheim anandisuzumiritsa m'kanyumba kodzaza zigaza ndi mafupa a anthu, zosanjidwa bwinobwino ngati nkhuni. Titachoka pamenepo a Helga anandigulira ayisikirimu.

"Kukongola, si choncho?" a Dieter ankandifunsa m'Chingerezi.

"Kukongola zedi," ine ndinkayankha, mumtima ndikupemphera kuti eni ake mafupawo asadziwe njira ya ku Dedza.

Kogona kwanga kunali kabedi kapamwamba pa mpando wa dalaivala, denga lili pamphuno. Ukati utembenuke, chigongono chagunda. Ndinkangopinda manja pachifuwa n'kumamvera mabelu a tchalitchi ndi sitima za katundu zikudutsa pamtsinje, ndikudziuza kuti munthu akafa zimakhala chonchi.

Koma chinthu chimodzi chinandigwira mtima. M'matauni amenewo, pazitseko zambiri pankapachikidwa nkhata za masamba ndi maluwa. Tsiku loyamba ndinavula chipewa, poganiza kuti msewu wonse waferedwa. A Helga anaseka mpaka kutsamira khoma. Anandiuza kuti nkhata pachitseko ndiye kuti takulandirani, ndipo pena imatanthauza kuti muno tikugulitsa vinyo wathu. Anagula kankhata kakang'ono n'kukapachika pakampa yathu. Ine ndinati chitukuko ndi chimenechi, anthu opereka maluwa kwa amoyo.

Nditabwerako ndinasanduka mliri. M'sitafurumu wina akati lero kwatentha, ine, "Ku Mosel nyengo ino…" Wina akati mlatho wakokoloka, ine, "Mukanaona milatho ya pa Rhine…" Ana asukulu anandipatsa dzina loti Jeremani, ine n'kumaliyesa ulemu. Ndinapita ndi zithunzi kwa apongozi. A Shaba anaziyang'ana chimodzichimodzi, mosafulumira, kenako anafunsa, "Kasi ng'ombe zawo zili nkhu?" Nditayankha kuti ng'ombe sindinazione, anandibwezera zithunzi zanga. Chakudya chinabweranso m'nyumba, ndi supuni.

Chaka chotsatira, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, a Dieter ndi a Helga anatulukira pasukulu pathu. Anakwera ndege mpaka ku Joni, n'kubwereka kampa kumeneko, n'kumabwera nayo pang'onopang'ono. Inali yoyera mbee, yamakatani, nambala yake ya ku Joni. Nditaiona itaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga, maganizo anga sanapite kwina. Anapita kwa a Shaba.

Nthawi imeneyo Tiwonge anali kumudzi. Kunabwera uthenga woti Vitumbiko wagonekedwa m'chipatala ku Joni ndi chifuwa, kenako foni yake inasiya kupezeka. Apongozi aakazi, a NyaMoyo, amene amadwala BP, anasiya kudya, ndiye Tiwonge anapita kukakhala nawo. Munthu wanzeru akanadziwa kuti ino si nthawi yopita ndi alendo. Ine ndinadzinamiza kuti alendo akawasangalatsa. Zoona zake, ndinkafuna a Shaba aone nyumba yoyenda itaima pakhomo pawo, mkamwini wawo akutsika kutsogolo. Sindinauze munthu. Ku Jeremani amati sapulayizi.

M'mawa mwake ndinadzuka dzuwa lisanatuluke. Ndinatenga tayala lakale la njinga, ndinathyola masamba a mkungudza ndi maluwa ofiira a kumpanda wa ahedi, n'kuluka nkhata yaikulu, yooneka patali. Ndinaimangirira kutsogolo kwa kampa, pakati pa magetsi. A Helga anaomba m'manja, kusangalala kuti wophunzira wawo sanaiwale. Kenako ndinavala suti yanga, imodzi yokhayo, yakuda, yomwe ndinagulira ulendo wa ku Jeremani, ndi tayi yake yakudanso. Foni inatsalira m'buluku la dzulo.

Mayi NyaChirwa, mphunzitsi mnzanga woyandikana naye nyumba, anatuluka ndi tsache m'manja n'kuima chilili.

"Asambizi, ndapota, chotsani icho. Nkhata pagalimoto?" anandichonderera. Kumeneko mphunzitsi amati asambizi.

"Mayi, ku Jeremani nkhata ndi moni."

"Kuno nkhu Jeremani yayi."

"Vuto lathu Amalawi ndi limenelo. Sitifuna kuphunzira kwa anzathu."

"Mbwenu yendani makora," anatero, n'kulowa m'nyumba akupukusa mutu.

Tisananyamuke n'komwe, kutentha kunali kutawapweteketsa mutu a Helga. Anamwa mapiritsi awo ogonetsa, anatseka makatani onse, n'kukagona pabedi la kumbuyo atadzifunda nsalu yoyera mpaka kumutu chifukwa cha ntchentche. A Dieter nawo ankaopa mbuzi, maenje ndi njinga, ndiye ankayendetsa ngati anyamula mazira, magetsi onse ali oyaka, mahazadi akuphethira.

Titangolowa mumsewu ndinayamba kuona zodabwitsa. Anthu apanjinga ankatsika n'kuima pambali. Amuna ankavula zipewa. Amayi osenza mitolo ankapatuka n'kuwerama. Minibasi, minibasi yeniyeni ya pa Jenda, inatitsata kumbuyo osaliza hutala ngakhale kamodzi!

"Anthu aulemu bwanji!" anatero a Dieter.

"Amandidziwa," ndinayankha ndikukonza tayi. "Ana awo ndinawaphunzitsa ndine."

Pa rodibuloko a Dieter anatulutsa mapepala awo onse, poti kuchokera ku Joni ankawafunsa paliponse. Wapolisi anayang'ana nambala, anayang'ana kutsogolo kwa galimoto, anayang'ana ine. Anabwera pawindo langa n'kutsitsa mawu.

"Pepani kwambiri, bambo. Mwayenda ulendo wautali. Pitani, tisakuchedwetseni."

A Dieter anatsala kukamwa kuli yasa, mapepala ali m'manja. "Mbewe, sunandiuze kuti ndiwe munthu wamkulu chonchi!"

Sindinawatsutse.

Pamsika wa pa Jenda pali golosale ya a Moyo, malume ake a Tiwonge. Ndinapempha a Dieter kuti achepetsenso liwiro, ngakhale panalibe liwiro loti n'kuchepetsa. A Moyo anali pakhonde. Anandiona. Ndinakweza dzanja pang'onopang'ono, osamwetulira, chifukwa mabwana akakhala m'galimoto saonetsa mano. A Moyo anagwira manja kumutu n'kuthamangira m'golosale. Ine ndinati akukaitana akazi awo kuti adzaone. Ankathamangira foni.

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, ndinayamba ntchito yanga yoonetsa alendo malo, monga ankachitira a Dieter kwawo. Ndinkaloza phiri n'kunena kuti apa panadutsa Angoni, ndinkaloza dambo n'kunenanso kuti apa panadutsa Angoni. Ndili pakati pofotokoza, kampa inalowa mumchenga wa kamtsinje kouma n'kutitimira mpaka m'mimba.

Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Koma thandizo silinasowe. Amuna anachoka m'madimba mwawo osaitanidwa, anabwera ndi makasu, anakumba, anaika nthambi kunsi kwa matayala, wina anakatenga ng'ombe zake ziwiri. Onse ankalankhula motsitsa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wosuzumira pawindo. Galimoto itatuluka, a Dieter anapisa dzanja m'thumba, koma mkulu wa gululo anabweza manja kumbuyo ngati amuonetsa njoka.

"Yayi, yayi! Pa vinthu vya nthena tikupoka ndalama yayi. Pepani chomene, asambizi."

Ndinamasulira a Dieter kuti umenewo ndiye mtima wa Amalawi. Mtima wa Amalawi unalidi, koma sunali wa chifukwa chimene ndinkaganiza ine.

Tikuyandikira mudzi wa apongozi, ndinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu. Mmalawi aliyense amadziwa kuti nthambi pamsewu ndiye kuti pali maliro. Titakhota pa mtengo wa muwanga wa polowera m'mudzi, ndinaona khamu la anthu pabwalo la a Shaba, utsi wa mafuwa ambiri, amayi a mpingo atavala zoyera akuimba. Kuseri kwa khola chikopa chinali chitakhomedwa pansi kuti chiume. Ndinachizindikira. Chinali cha ng'ombe yofiira, imodzi mwa ziwiri zokoka ngolo ndi pulawo.

Ndinangoti basi, Vitumbiko watisiya, uthenga wafika ine ndili panjira. Ndipo chisoni chinandigwira zenizeni. Pamudzi ponsepo Vitumbiko yekha ndi amene ankati akabwera ku holide, ankanyamula mbale yake kuchoka kusangweni n'kudzadya nane m'nyumba, akuseka Chitumbuka changa. Misozi inayamba kutsika. Pa zonse za tsiku limenelo, misozi imeneyo ndi chinthu chokhacho chimene sindichita nacho manyazi.

"Pali maliro," ndinauza a Dieter. "Mlamu wanga."

Anaimitsa galimoto pakati pa bwalo n'kuvula kapusi.

Ndinatsika ndikulira. Anthu atangoona nkhope yanga, kulira kunaphulika ngati wina watsegula mpopi. Amayi anathamangira kampa, ena akuimenya ndi zikhatho, ena akudzigwetsa m'fumbi pafupi ndi matayala. A NyaMoyo anabwera atagwiriziridwa ndi amayi awiri. "Vitumbiko! Mwana wane! Mwana wane!" Anafika kutsogolo kwa galimoto, n'kugwa pansi. Ndinadabwa pang'ono kuti galimoto yalakwa chiyani, koma ndinati chisoni chilibe dongosolo.

Kenako a Shaba anabwera. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, zimene anali asanachitepo chikwatirireni mwana wawo. Analankhula Chichewa kuti ndimve bwino, koma ananditcha mkweni, ndiko kuti mkamwini.

"Mkweni, mwagwira ntchito yachimuna. Mwasenza katundu wolemera nokha, mwabisa kuti mayi wanu asagwe msanga. Kuyambira lero ndinu mwana wanga."

Anandikoka mpaka kusangweni, anauza wina kuti anyamuke, n'kundikhazika pampando pakati pa madoda.

Kunena zoona, sindinamvetse kuti ndasenza chiyani kapena ndabisa chiyani. Apa ndi pamene ndikanafunsa. Koma mawu amenewo ndinali nditawadikira zaka zonse za banja langa, ndipo mpandowo unali wofunda. Ndinapukuta misozi n'kuyankha kuti, "Yewo, adada."

Sipanapite nthawi, anafika mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda, dothi lofiira lili mpaka m'maondo. Ananjuta pamaso pa a Shaba, kenako anatembenukira kwa ine.

"Kumanda tamaliza, asambizi. Thupi layenda masiku ambiri, ndiye ndi kutentha kuno tisachedwe. Titsegulireni."

"Nditsegule chiyani?"

"Galimoto."

"Mukufunamo chiyani m'galimoto?"

Madoda onse anandiyang'ana.

Ndinatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chinyamukireni ndinaiona kampa ija kuchokera kutsogolo, mmene ankaionera anthu ena onse. Yoyera. Makatani otseka. Nambala ya ku Joni. Mahazadi akuphethirabe. Pakati pa magetsi, nkhata ya mkungudza ndi maluwa ofiira. Ku Mzimba ngakhale mwana wa Sitandade Wani amadziwa mmene anyamata omwalira ku Joni amabwerera kwawo, ndiponso kuti wachibale woperekeza thupi amakhala kutsogolo. Ndinayang'ana suti yanga. Ndinayang'ana tayi.

Ndinadzuka pampando, koma ndinali nditachedwa.

Adzukulu anali atafika kale pagalimoto. A Dieter, pozolowera kuti aliyense amafuna kuona mkati mwa kampa, anatsegula chitseko mwaulemu n'kuwalozera ndi dzanja kuti alowe. Amayi a mpingo anayambitsa nyimbo ina yozama. Anyamata anayi analowa atazolika mitu. Bokosi sanalipeze, koma pabedi la kumbuyo panali munthu atagona chagada, wofundidwa nsalu yoyera mpaka kumutu. Mmodzi anang'ung'udza kuti anthu a ku Joni masiku ano alibe ulemu, kutumiza munthu popanda bokosi. Awiri anagwira kumiyendo, awiri kumapewa.

Nsalu ija inadzuka n'kukhala tsonga!

Inatsetsereka, n'kutulukamo mutu wa imvi zoyera zoimirira, nkhope yopakidwa mafuta oyera oteteza dzuwa, maso obiriwira. "Dieter?"

Abale, chitseko cha kampa ndi chaching'ono, koma anyamata atatu anatulukira pamenepo nthawi imodzi. Wachinayi anatulukira pawindo la pamwamba pa mbaula, limene mpaka lero sindimvetsa kuti anakwanapo bwanji. "Wawuka! Wawuka! Wazgoka mzungu!" Ati wakufa wadzuka, wasanduka mzungu. Nyimbo inadukira pakati. Khamu lonse linamwazikira m'minda, mphika wa nyama unagubuduka, mkulu wa mpingo anakapezeka pamwamba pa nkhokwe, Baibulo lili kukhwapa. A Helga anaima pakhomo la kampa nsalu ili paphewa, akubayibitsa anthu othawawo.

Pabwalo panatsala a Shaba, amene sathamanga, a NyaMoyo ali gone pamphasa, ndi mkazi wanga. Tiwonge anabwera pang'onopang'ono, maso ali otupa, mpango uli m'chiuno.

"A Mbewe. Vitumbiko ali kuti?"

"Ku Joni… Kodi inu simunalandire uthenga?"

"Uthenga wake ndi inuyo! Asibweni a Moyo aimba kuchokera pa Jenda kuti thupi ladutsa ndi nkhata, inu muli kutsogolo. Foni yanu ndaimba mpaka chala kutupa. Tinati anzake a ku Joni anauza inu poti ndinu ophunzira, inu n'kubisa chifukwa cha BP ya amama."

"Ine ndabwera ndi alendo. Sapulayizi."

"Nanga mumalira chiyani?"

"Ndinaona inu mukulira."

"Ife timalira chifukwa cha inu!"

Ndinayang'ana a Shaba. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayang'ana chikopa cha ng'ombe yawo, anayang'ana mkazi wawo, kenako anapita kusangweni, ananyamula mpando umene ndinakhalira uja n'kukaulowetsa m'nyumba.

Apa panalibenso choseketsa. A NyaMoyo anali atakomoka zenizeni, ndipo galimoto yoti iwatengere kuchipatala inali imodzi yokha pamudzi ponse. Atatsitsimuka pang'ono n'kuona kumene tikuwanyamulira, anakana kwamtuwagalu kulowamo mpaka nkhata itachotsedwa. Ndinaimasula ndekha. Anagona pabedi lomwe lija, a Helga akuwakupiza ndi mapu. Njira yonse ndinkapemphera pemphero limodzi, kuti manda akumbidwa aja asapeze mwini wake chifukwa cha ine. Mulungu anamva. Anamwino anawabaya jakisoni n'kuwagoneka, ndipo kutacha anapempha phala.

M'mawa womwewo foni ya Tiwonge inalira, nambala yachilendo. Anali Vitumbiko. Anali atatuluka m'chipatala, foni yake inabedwa ali chigonere, ndipo anabwereka ya mnzake ataona chithunzi chake chikuzungulira m'mafoni a anyamata a ku Mzimba, pansi pake atalemba kuti uwuse mumtendere.

"Kasi ine nafwa pauli?" anafunsa, kufuna kudziwa kuti wafa liti ndipo wamupha ndani. "Wandikoma ni njani?"

"Alamu ako," anatero Tiwonge, n'kundipatsira foni. Ndinamufotokozera zonse. Iye anaseka mpaka chifuwa chinamuyambanso.

Tsono panatsala nkhani ya dzenje. Manda akakumbidwa sasiyidwa apululu, ndipo sakwiriridwa opanda kanthu, chifukwa amati amaitana munthu. Mumaikidwa thunthu la nthochi. A Shaba analamula mwachidule kuti amene anabweretsa maliro ndi amene anyamule. Ndinakadula nthochi kudimba, ndinaisenza paphewa ndili mu suti yomwe ija, utomoni ukutsikira m'kolala, n'kudutsa nayo pakati pa mudzi. Anthu onse anali atabwerera, poti nyama inali itaphikidwa kale, ndipo ananditsata pambuyo mpaka kumanda. Panalibe woimba. Panalibenso woseka, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa koposa.

Adzukulu anatsitsa nthochi ija n'kukwirira, akuponya maso kwa a Helga nthawi ndi nthawi. Atamaliza kuumba mtumbira, a Shaba anatambasula dzanja, wina anawapatsa nkhata yanga, yofota tsopano, tayala likuonekera.

"Ikani," anatero.

Ndinagwada n'kuika. A Dieter anapempha chilolezo chojambula, ndipo a Shaba anavomera ndi mutu. Pobwerera, mkuluyo anandigwira paphewa, maso akuwala.

"Mbewe, ine ndinakuonetsa manda akale okhaokha. Iwe wandionetsa atsopano, kuyambira pachiyambi. Wunderbar! Kukongola zedi!"

Nyama ya ng'ombe yofiira ndinaidyera m'nyumba, patebulo, pamodzi ndi alendo anga. Masupuni anali atatu.

Chaka chimenecho pulawo ya a Shaba sinalowe m'munda, poti ng'ombe imodzi siikoka. Munda wonse unalimidwa ndi makasu, ndipo khasu limodzi linali langa, Loweruka lililonse mpaka kupalira. Za Mosel ndi Rhine ndinasiya. Mayi NyaChirwa sananene kalikonse, ankangondipatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso. Vitumbiko atabwera pa Khirisimasi, asanalowe n'komwe m'nyumba anandipempha kuti ndimuperekeze akaone pamene anagona.

Itafika nyengo yolambula kumanda, a Shaba anatumiza uthenga woti nanenso ndipite. Aka kanali koyamba kundiitanira zinthu za pabanja. Ndinapalasa njinga mtima uli m'mwamba, ndikuti mwina matuza a m'manja mwanga andilankhulira. Tili kumandako, aliyense akupatsidwa mbali yake, ndinalimba mtima n'kuwayandikira.

"Adada, ndinalakwa kwambiri. Koma zonse zija ndinkangofuna kuti nanenso ndikhale ndi malo pamudzi pano."

A Shaba anakweza ndodo yawo n'kuloza mtumbira wa kumapeto, pamene tayala la njinga linali likadali pomwepo, udzu utamera pakati pake.

"Malo muli nawo. Kuno mkweni saikidwa kwa apongozi, amabwerera kwawo. Inu nokha ndi amene muli ndi manda pano. Lambulani bwino, ndi anu."

Ndinalambula.

Mwambo wa eni ake usanaumangirire kutsogolo kwa galimoto, yamba wafunsa kuti kwanu umaitana ndani.